Phwetekere m'Chipale

"Ndati sindivala zimenezo!" anatero Sorin, akukankha ndi phazi jombo zimene agogo ake, a Gavril, anamuikira pakhomo. Zinali jombo zachikopa, zolemera, zonunkha mafuta a nkhosa, ndipo mkati mwake munali masokosi aubweya okhuthala ngati chiguduli.

"Lero kwazizira kuposa dzulo, mdzukulu wanga," anatero agogowo modekha.

"Kwathu ku Almeria, zoterezi ngakhale wopemphetsa sangazitole."

Agogowo anangoponya chikuni m'ng'anjo n'kutseka kachitseko kake.

Sorin anabadwira ku Almeria, m'dziko la Spain, kumene makolo ake ankagwira ntchito m'minda ya phwetekere yofoleredwa ndi mapulasitiki. Mayi ake atayamba kuvutika ndi msana, anabwerera naye kumudzi kwawo, kumapiri a ku Romania, bambo n'kutsala komweko. Chifikireni, mnyamatayo sanaonepo chabwino. Msuzi wa nyemba ankati ndi madzi otsukira mbale. Anzake a m'kalasi ankati amanunkha utsi. Koma chimene ankachida koposa chinali chipale, madzi oundana ogwa kumwamba ngati ufa, chomwe chinakwirira misewu, mipanda ndi madenga kuyambira mwezi wa Novembala. Akaweruka kusukulu ankangodziunjika pafupi ndi ng'anjo, n'kumayang'ana zithunzi za nyanja pafoni.

Loweruka limenelo akanakhalanso momwemo, pakanapanda msuweni wake Ilinca, mwana wa amalume ake. Mtsikanayu anali wamsinkhu wake, wamfupi, wapakamwa pakuthwa. Ndiye anamupatsa Sorin dzina lakuti Phwetekere, ati chifukwa anakulira m'pulasitiki ndipo akangotuluka panja nkhope yake imapsa psuu.

"Phwetekere, tikupita kuphiri kukatsetsereka pa zilei," anatero Ilinca atasuzumira pakhomo. "Iwe tsala, ungafote."

"Masewera a makanda amenewo," anayankha Sorin. "Kukhala pakampando n'kumatsetsereka? Ine ndinkatsika masitepe a kudoko nditaima pakathabwa kamatayala. Inuyo simungayerekeze n'komwe."

"Pakamwa pokha. Bwera utionetse, bwana wa kudoko."

Ndi mawu amenewo Sorin ananyamuka. Anavala jekete yake yonyezimira ndi nsapato zake zoyera zansalu, zimene bambo ake anamugulira potsazikana, n'kulumpha jombo zija.

Njira yotsetserekamo inali yomwe amatsitsira mitengo kuchokera m'nkhalango, kutali ndithu ndi nyumba zomalizira za mudzi. Anyamata ndi atsikana anali atadzaza kale pamwamba pake, aliyense ndi chilei chake. Sorin anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Zipewa zaubweya, malaya a azikulu awo, mphuno zochucha. Anaseka chamumtima.

"Taonani, Phwetekere watuluka!" anafuula Matei, mnyamata wamtali wa m'kalasi mwawo. "Aise, nsapatozo ukupita nazo ku ukwati?"

"Bweretsa kampandoko," anatero Sorin, akulanda chingwe m'manja mwa Ilinca.

"Pakona yachiwiri ukanikize chidendene chakumanzere," anatero Ilinca. "Kumanjako kuli mtsinje."

"Ukaphunzitse nkhosa za bambo ako."

Poyamba zinamukomera. Chilei chinathamanga, mphepo ikulira m'makutu, ndipo kona yoyamba anaidutsa mwamwayi. Atafika yachiwiri anaponda pansi, koma nsapato yosalala ija inangoterereka ngati sopo. Chilei chinalunjika kumanja, chinadumpha kamtunda, n'kukamutula mumtsinje. Madzi oundana a pamwamba anasweka, miyendo yonse n'kulowa mpaka m'mawondo.

Phiri lonse linafa ndi phwete. Matei anachita kugona chagada, akumenya chipale ndi manja.

"Wapeza nyanja yake! Sambira, aise, sambira!"

Sorin anatuluka, mano ali gwa.

"Pita kunyumba ukasinthe," anatero Ilinca atatsikira pomwepo, akupukuta misozi ya kuseka.

"Timadzi timeneti? Vuto ndi chilei chako chophotchokachi. Kwathu zinyalala zotere timasonkhera moto."

Kubwerera kunyumba kukanakhala kuvomera kuti agonja. Choncho anakwera pang'ono, anatsamira mtengo, manja m'thumba, n'kumanyoza aliyense wodutsa. Uyu akhala ngati thumba la mbatata, uyo akuwa ngati mbuzi. Mapazi ankamuwotcha ngati waponda makala, koma iye sanasunthe. Patapita nthawi ululu uja unatha wokha, ndipo anaganiza kuti wapambana.

Dzuwa litayamba kupendeka, anzake anayamba kusonkhanitsa zilei. Sorin anati aponye phazi, koma anangogwa chafufumimba. Anadzuka, n'kugwanso. Kumunsi kwa akakolo kunali ngati kulibe kanthu.

Ilinca anasiya kuseka. Anamukankhira pachilei, nayamba kulimbana ndi zingwe za nsapato zomwe zinali zitauma ngati waya. Atamuvula, zala zinali zoyera ngati kandulo.

"Tizipake chipale," anatero Matei.

"Usakhudze! Ukufuna umusende khungu?" Ilinca anagwada, anamasula chikhoti chake, anakweza juzi, n'kulowetsa mapazi onse awiri pamimba pake. Kuzizira kwake kunamudula mpweya. "Chitsiru iwe," anatero mano akugundana. "Chitsiru chenicheni cha padoko. Waima apa nthawi yonseyi ngati chitsa, kuti ife tikuope? Ukanadziwa mmene mapazi akowa akununkhira!"

Sorin ankangoyang'ana chipewa chakale cha msuweni wakeyo, chimene anachiseka m'mawa uja, chikunjenjemera pamaso pake.

Anamukulunga mapazi ndi masikafu a anthu atatu, ndipo Matei ndi Ilinca anamukoka pachilei kudutsa pakati pa mudzi. Amayi ena amene ankachokera kusitolo anaima n'kufunsa ngati adzukulu a Gavril agula nkhumba. Sorin anabisa nkhope m'jekete.

Kuchipatala cha m'mudzimo namwino anamuviika mapazi m'madzi ofunda. Magazi atayamba kubwerera, Sorin analira mokuwa, osasamala kuti Matei ali pakhomo. Namwinoyo anauza mayi ake kuti zala zapulumuka chifukwa cha amene anazifunditsa msanga, koma zikhadabo zina zidzagwa.

Zinagwadi. Anakhala masiku ambiri pafupi ndi ng'anjo ija, mapazi ali m'mabandeji, ndipo tsopano malowo anamutopetsa. Pawindo ankaona ana akudutsa ndi zilei, masaya ali psuu, makhoti ali chomasula. Iye, wokhala pamoto, ndiye ankamva kuzizira. Ilinca ankabwera ndi ntchito ya kusukulu, kuiponya patebulo n'kutuluka.

Tsiku lina anamuitana asanatseke chitseko.

"Ilinca. Chidendene chija, umakanikiza usanafike pakona kapena uli pomwepo?"

Mtsikanayo anatembenuka. "Ine sindiphunzitsa mabwana. Pita kuseri kwa tchalitchi, kumene amayambira anzako."

Kuseri kwa tchalitchi kunali kamtunda kakang'ono ka ana a mkaka. Sorin atachira anapita komweko, atavala ngati wina aliyense wa m'mudzimo, akukoka chilei cha agogo ake. Tiana tinamuzungulira, tikudabwa chimunthu chachitali chotere. Kamtsikana kena kopanda mano akutsogolo, dzina lake Smaranda, kanaika manja m'chiuno.

"Iwe ndiwe unagwera mumtsinje uja?"

"Ndine."

"Ngakhale mng'ono wanga sagweramo. Khala apa. Ayi, osati choncho! Miyendo uku ndi uku. Kodi kwanuko sanakuphunzitseni chilichonse?"

"Zimenezi ayi," anatero Sorin. "Ndiphunzitse."

Anatsika, nagubuduka. Anakwera, natsikanso, Smaranda akumukalipira ngati mphunzitsi wamkulu. Ulendo wina anakhota bwinobwino mpaka kukaima pampanda, tiana tonse n'kuwomba m'manja monyinyirika. Pokwera kamtundako anazindikira kuti msana wake wanyowa ndi thukuta, ndipo anamasula mabatani a khoti.

Ilinca anatulukira pangodya ya tchalitchi, mikono itapindidwa pachifuwa.

"Azakhali akuti ubwere, chakudya chikuzizira."

"Uwauze andisungire," anatero Sorin, akutembenuza chilei. "Smaranda akuti sindinakhozebe kukhotera kumanzere."