Zibowo pa Tsamba la Kabichi

Mtembo anaupeza Lachisanu m'mawa m'chipinda chozizira cha gulu la alimi, pakati pa makreti. Anali mayi woyendera minda, amene ankaonetsetsa kuti palibe mlimi wopopera mankhwala, poti ogula a m'tauni analonjezedwa zimenezo. Mpiringidzo unali wokhomedwa kunja. Mkati, chitseko chinali ndi mikwingwirima ya zikhadabo.

Sajeni, mayi amene anakalambira pa ntchito yofufuza, anafumbatula dzanja la malemu. Munali tsamba la kabichi lobowokabowoka.

Alimi anaunjikana panja, palibe woyang'ana mnzake. Woyamba kuganiziridwa anali dalaivala wa gululo, poti dzulo lake anakangana ndi malemu. Analumbira kuti anagona kuchipatala ndi mkazi wake, ndipo nesi anavomereza pafoni. Mkanganowo, anatero, unali woti malemu ankaletsa kabichi wina kupita m'tauni, osatchula mwini wake.

Sajeni anayang'ananso tsamba lija. Ankadziwa kuti ogula amakonda kabichi wodyedwa ndi mbozi, ati ndiye umboni woti sanapoperedwe. Koma zibowozi zinali zofanana zonse, zobulungira bwinobwino. Ananunkhiza, namva fungo la mankhwala.

Analamula kuti aliyense aime pa kreti yake. Zibowo zotere zinapezeka mwa mmodzi yekha, mlamu wake wa malemu. M'thumba la jekete yake munatuluka msomali wobiriwira kunsonga.

"Bambo, mbozi yanu ndi yachitsulo?" anafunsa Sajeni.

Bamboyo anakhala pansi. Anati mbozi zinamugwera, napopera kutatsala pang'ono kukolola. Zitafa, kabichi anasalala kwambiri, ndiye anamubowola kuti afanane ndi wa anzake. Malemu anazindikira, nanena kuti akaulula kumsonkhano. Akanachotsedwa m'gulu, kumene ankagulitsa zonse.

"Ndinawachonderera, alamu, ife ndife amodzi. Anakana. Ndinatseka kuti azizidwe pang'ono asinthe maganizo. Kenako ndinaopa kutsegula."

"Pali kabichi wanu amene wapita kale?" anafunsa Sajeni.

Dalaivala ndiye anayankha kuti makreti awiri anawatula dzulo kusukulu ya mkaka, ndipo ophika amayamba kudula masamba 10 koloko.

Sajeni anayang'ana wotchi. Anamangirira bamboyo ku mpiringidzo womwewo ndi unyolo, nakankhira dalaivala kugalimoto.

"Imbani foni tikuthamanga. Asayike poto pamoto."