Makina Amene Ankati Issufo Wafa

M'chaka cha 1991, kompyuta ya pa ofesi yofufuza anthu osowa pankhondo ku Lichinga inayamba kulosera maliro. Kale, Matilde wotaipa mayina akaiyatsa, inkalemba kachiganizo koseketsa, tsiku lililonse kosiyana. Magetsi ankabwera madzulo okha, choncho ankagwira ntchito ali yekhayekha, mphepo yozizira ikulira m'malata.

Lolemba, pagalasi lakudalo panatuluka mawu akuti: "Amene ukumudikira sabwera." Matilde anauma thupi. Mwamuna wake Issufo anali atasowa miyezi isanu ndi itatu, chiwomberedwere galimoto zawo pamsewu wa ku Cuamba. Lachiwiri makinawo anati: "Mafupa ake ali kutchire." Lachitatu anamutchula dzina lenileni, ndipo mayiyo anamva ngati wina akupumira kumbuyo kwa khosi lake.

Ku Chiuaula, dera lina la mumzindamo, mbiri inali itawanda kale kuti m'bokosimo mwalowa jini lodziwa akufa.

"Dona Matilde, sainani papelo lovomereza kuti Issufo anafa, timuchotse pa lista ya osowa," ananong'ona Baltazar, mkulu wa makalaliki. "Mkazi ngati inu asamagone yekha chisanu chonsechi."

Dzina likachoka pa lista, palibenso amene akanamufunafuna m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi. Matilde ankaopa, inde, koma anali wamakani chibadwire. Lachinayi madzulo anakokera ku ofesiko Saide, wokonza makinawo. Atayatsa, zilembo zobiriwira zinaphethira mumdima: "Issufo wafa, leka kulimbana."

"Achemwali, pulogalamu iyi siombeza ayi," anatero Saide motsitsa mawu. "Ili ndi fayilo ya ziganizo mazanamazana. Imangotolapo chimodzi mwachisawawa, ngati dzanja m'thumba la nyemba, kuti munthu amwetulire asanayambe ntchito. Basi."

Anatsegula fayiloyo. Munali mbee, mutangotsala chiganizo chimodzi chokhacho.

"Wina akumafufuta n'kulembamo zake masana, jenereta ikayaka. Kiyi wa chipinda chino ali ndi ndaninso?"

Anali naye Baltazar yekha. Mantha a Matilde anasanduka ukali.

M'mawa mwake, antchito onse akuona, anaika pa tebulo la Baltazar lista yopita ku Malawi pa ndege ya tsikulo, dzina la Issufo lili pamwamba penipeni.

"Senhor Baltazar, jini lanu limataipa ndi zala ziwiri ngati inu nomwe. Kaliuzeni kuti mpaka ndidzaone mtembo ndi maso angawa, ine ndine mkazi wa mwini. Dindani apa."

Baltazar anadinda, osadzutsa mutu.