Kalondolondo wa M'kamwa

Nyimbo ili pakati, m'kamwa mwa Mayi Esnati Kachingwe, mtsogoleri wa kwaya, munatuluka mawu osakhala awo: "Nkhama zanu zikutuluka magazi. Simunatsuke m'kamwa lero." Mpingo wonse wa ku Chilomoni unamva.

Ameneyo anali Kalondolondo, kachipangizo kochepa ngati njere ya mapira komwe madokotala a mano a m'zaka za m'ma 2070 ankamata kuseri kwa dzino. Kankayeza malovu, ndipo kakapeza zizindikiro za chiseyeye kankalankhula mosayang'ana kuti pali ndani. Manyazi ankagwira ntchito. Blantyre yense ankayenda ndi mswachi m'thumba.

M'mawa mwake mayiwo analawirira kwa Dokotala Mwalure kuti akachotse kachipangizoko. Dokotala anawachenjeza kuti chiseyeye chawo chafika patali, mano ayamba kugwedera, ndipo munthu wosakumbutsidwa sachedwa kuiwala.

"Adokotala, pakamwapa ndi panga," anatero mayiwo. "Ndiphunzitseni, osati kundiyalutsa pagulu. Ngati mano aguluke, aguluke ndili ndi ulemu wanga."

Dokotala anakachotsa monyinyirika. Kenako anawaonetsa pa kanema nkhama zawo zotupazo, n'kuwagwira dzanja kuwasonyeza mopendeketsera mswachi pamene dzino limakumana ndi nkhama, ndiponso mopisira ulusi pakati pa mano.

Mayi Kachingwe ankatsuka m'mawa ndi madzulo, mwamakani ngati akukangana ndi munthu. Anzawo a kwaya ankawaseka kuti ndi otsalira. Dzino limodzi linagulukabe, koma magazi anasiya.

Patapita nthawi, kampani yoyendetsa Kalondolondo inatsekedwa, tizipangizo tonse n'kukhala chete. Anthu anayesa kuti kukhala cheteko ndiye kuti m'kamwa muli bwino, miswachi n'kuumira m'matumba. Pofika dzinja, mzere wa odwala kuchipatala unkafika kumsewu, ena atakulunga mano awo m'mipango.

Dokotala Mwalure anapita yekha kutchalitchi kukapempha mayiwo kuti azibwera kudzalankhula ndi odwalawo. Mayiwo anavomera, koma atafika kuchipatala n'kupatsidwa chimkuzamawu anachikankhira pambali.

"Ndizikhala nawo mmodzimmodzi," anatero. "Kukuwiridwa anakuwiridwa kale."

Dokotala anaima pakhomo n'kumayang'ana mayiwo, ndi chigweru chawo cha dzino limodzi, akupendeketsa dzanja la bambo wina wa imvi yemwe ankagwira mswachi ngati khasu. Makina aja anaphunzitsa mzinda wonse kumvera, koma sanaphunzitse aliyense kudzisamala.