Timabowo ta Kampasi

Mtendere ukhale nanu, inu amene mwatsegula tsamba lino. Tiyamike Mwini moyo amene watisunga kufikira lero, Iye amene amaona ngakhale kamzere kamene chofufutira chinadutsapo.

Yostina anakumana ndi Wagdi pa siteji ya minibasi mumzinda wa Asyut, m'mawa wina wa fumbi. Rula yake yaitali ya mutu wopingasa inakodwa pachitseko, dalaivala akuliza hutala.

"Bweretsani kuno, a injiniya, musanatikolowole maso," anatero mnyamata wa pampando wakumbuyo. Polandira rulayo, kamtanda kojambulidwa padzanja pake kanaonekera.

"Injiniya wake uti? Ndili chaka choyamba."

"Nanenso, koleji yomweyo. Koma ine mizere imandizunguza mutu. Inuyo nkhope yanu ikuoneka kuti imakhoza."

"Nkhope imalemba mayeso?"

"Yanuyo ingalembe."

Potsika anali atapatsana manambala.

Miyezi imeneyo a Dokotala Safwat, mphunzitsi wa zojambula, ankawakhetsa thukuta ndi chinthu chooneka chachabe: mzere umodzi wowongoka koma wopendekeka. Uujambule kawiri, mmene ukuonekera kutsogolo ndi mmene ukuonekera kuchokera pamwamba. Ukatero uutalikitse mpaka upeze pamene ukabowole khoma ndi pamene ukabowole pansi. Yostina ankazimva msanga. Wagdi ankangoyasamula.

"Pinda kope lako chonchi," anatero Yostina masana ena, ali pogulitsira madzi a nzimbe. "Ili ndi khoma, apa ndi pansi, kapaipi komwera aka ndiye mzere. Ukuona pamene kakagunde?"

"Ine ndikungoona zala zako."

"Udzalephera, Wagdi."

"Ndikalephera udzandisunga, nyali yanga."

Nyengo yosala kudya italowa, uthenga wa Wagdi unafika pafoni ya Yostina: "Uchi wanga, Pasaka ikangodutsa ndikubwera kwanu ndi bambo anga. Mtima wanga ulibe chipinda china."

Yostina anauwerenga mpaka kuuloweza. Ngakhale m'tchalitchi, lubani akufuka, madikoni akuimba ndi timbale tawo tamkuwa, foni inali m'manja pansi pa mpango. Ankalapa, n'kuyang'ananso. Ndani mwa ife sanayambe wapempherapo ndi theka la mtima?

Kenako panabwera ntchito yaikulu ya chaka: pepala limodzi, mizere isanu ndi umodzi. A Dokotala ananena poyera kuti wopezeka atakopera apeza ziro ndipo phunzirolo adzalibwereza chaka chamawa. Yostina anajambula masiku anayi, kuzungulitsa mzere uliwonse ndi kampasi kuti apeze utali wake weniweni, mpaka msana kuwawa.

"Ndibwerekeko, ndingoona pamene wayika pobowolera khoma," anatero Wagdi.

"Wamva zimene ananena a Dokotala."

"Palibe diso lina lidzaliona. Ndikulumbira pa mtanda uwu." Anapsompsona dzanja lake.

Yostina anapereka.

Masiku awiri foni inangoti zii. Analemba, "Wafika pati?" Analembanso, "Wagdi, ndikuchita mantha." Amayi ake anamuikira mbale ya nyemba, iye n'kumangozitakasa ndi buledi. Ankatuluka pakhonde, kulowa, kutulukanso. Kodi wadwala? Kodi pepala lathimbirira ndi tiyi? Wagdi anatulukira pakhomo la kalasi nthawi yopereka itakwana, n'kumupatsa pepalalo lili chikulungire.

"Ukudera nkhawa chiyani, nyali yanga? Si ili?"

Patapita sabata, a Dokotala anaitana mayina atatu ku ofesi yawo: Yostina, Wagdi ndi Nermine, mtsikana wa m'gulu lina amene Yostina ankangomudziwa nkhope. Mapepala atatu anali chiyalire patebulo.

"Mzere wachitatu," anatero a Dokotala, akuloza ndi pensulo. "Pobowolera khoma payenera kukhala pamwamba apa. Nonse atatu mwapaika pansi, malo amodzimodzi. Anthu atatu sapunthwa pa mwala umodzi ndi chala chimodzi. Wina anajambula, awiri anayala pepala pagalasi, nyali pansi, n'kumangotsata. Wajambula ndani?"

Nermine anayankha mosaopa. "Langa anandithandiza Wagdi, a Dokotala. Ndi wanga, akwathu akudziwa, Pasaka ikadutsa akudzandiveka mphete. Anandiuza kuti mtsikana uyu ndiye anabwereka lake."

Pasaka yomweyo! Yostina anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Nzoona, Wagdi?" anafunsa a Dokotala.

Wagdi anayang'ana nsapato zake. "Anabwereka, inde."

Dzanja lomwe lija la mtanda linali m'thumba. Yostina anafuna kulira, koma anakumbukira bambo ake amene anamugulira kampasi ija tsiku limene anasankhidwa kupita ku koleji, akuuza msewu wonse kuti m'nyumba mwawo mwatuluka injiniya. Akawauza chiyani? Kuti walephera chifukwa chakuba ntchito ya manja ake omwe?

"A Dokotala," anatero Yostina, "ndikupempha muwakwezere pawindo mapepalawo."

A Dokotala anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo, n'kunyamula la Nermine. Dzuwa silinadutse. Ananyamula la Wagdi, chimodzimodzi. Atakweza la Yostina, kuwala kunatulukira m'timabowo ting'onoting'ono, paliponse pamene singano ya kampasi inaponda masiku anayi aja. Wotsata pagalasi saponda singano.

"Cholakwa ndi chako, mwana wanga, ndipo pepala ndi lako," anatero a Dokotala. "Koma unabwereketsa, choncho ndikudula theka la malikisi. Inu awiri tidzaonana chaka chamawa."

Nermine anatuluka woyamba, nkhope ili m'manja. Wagdi sanamutsate. Anathamangira Yostina pamasitepe.

"Ndinachita mantha basi. Za Nermine ndi za makolo, wanga weniweni ndi iwe. Nyali yanga, tandimvera."

"Ndakumverani mokwanira, a injiniya. Mukanangokhala chete muja, mwina ndikanalira chifukwa cha inu. Koma munatsegula pakamwa."

"Sundikhululukira? Tili m'nyengo yosala."

"Kukhululuka ndikhululuka, ndinalamulidwa. Koma pepala langa simudzaligwiranso."

Analira mu minibasi njira yonse, mayi wina wachilendo akumusisita phewa osafunsa kanthu. Potsika, rula ija inakodwanso pachitseko. Anaipendeketsa yekha, inatuluka.

Atafika kunyumba anafufuta nambala ya Wagdi m'foni. Anayala pepala latsopano, nasongola pensulo, n'kuyambiranso mzere wachitatu. Misozi inagwera pakona, koma pobowolera khoma anapaika pamwamba, pamalo pake.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akusungeni kwa a milomo ya uchi ndi mtima wa pawiri. Amange mabala a mtima wanu wosweka, ndipo tsiku limene ntchito yanu idzakwezedwa poyera, kuwala kwake kudutsemo. Amen.