Zimene Cornelius Sanamuphunzitse Enelesi

Cornelius anafika ku Phalombe mu 2005 kudzalumikiza makompyuta mu ofesi ina ya pa boma. Enelesi, mtsikana wa m'munsi mwa Michesi amene anali kalaliki mu ofesimo, anamupeza atagwada pansi pa tebulo lake akumanga mawaya.

"Pepani achemwali, ndakulandani malo," anatero mnyamatayo akumwetulira. "Mukandiuza dzina, ndikubwezerani."

Pulogalamu ya ntchito yawo inkayendera pa sikirini yakuda, pomwe munthu amalemba yekha malamulo kuti makina amve. Enelesi ankaiopa.

"Usadzivutitse, duwa langa," Cornelius ankamuuza. "Izi n'zovuta, zimafuna sukulu. Zikakukanika ungondifulasha, ndibwera."

Ankabweradi Lachisanu pa minibasi yochokera ku Limbe, malaya ali mbuu ndi fumbi. Ankalemba timawu tiwiri, makina n'kumvera. Akabwerera, uthenga unkalowa pa foni: "Mpunga ukakololedwa ndituma ankhoswe kwanu. Ndiwe wanga mpaka kale."

Chifukwa cha mawu amenewo Enelesi anamusiya Wyson, mphunzitsi wofatsa amene makolo a mtsikanayo anali atamulandira kale. Wyson sanakangane naye. Anangoti, "Ngati mtima wako wasankha, uyende bwino." Patapita miyezi anakwatira mtsikana wa ku Fort Lister.

Mpunga unakololedwa, ankhoswe osaoneka. Cornelius anasiya kuyankha foni. Kenako kampani yake inatumiza mayi wina woyembekezera, dzina lake Alesi, kudzaphunzitsa makalaliki.

"Amayi, ndikaiwala mmene lamulo limagwirira ntchito, ndizifunsa ndani?" anafunsa Enelesi.

"Muzifunsa kompyutayo. Talembani help."

Analemba. Malamulo onse anatuluka pa sikirini, lililonse ndi ntchito yake.

"Tsopano lembani copy, musiye mpata, muike /? kumapeto. Lamulo lililonse limadzifotokoza lokha choncho."

Zimene Enelesi ankadikirira sabata yathunthu zinali pomwepo, m'Chingerezi chosavuta. Ndiye munthu uja ankamuopsezeranji? Ankangofuna kuti azimudalira?

"Inu anakuphunzitsani ndani?"

"Bambo a kunyumba, a Cornelius omwewo. Anandionetsa tsiku loyamba, amati safuna mkazi womangoyembekezera thandizo la ena. Ndadabwa kuti kuno sanakuuzeni." Alesi anasisita mimba yake. "Akanabwera okha, koma akumalizitsa kanyumba kathu mwana wachiwiriyu asanabadwe."

Enelesi anakumbukira mmene amayi ake analirira tsiku limene anabweza chitenje chimene Wyson anamupatsa, iye n'kuwauza kuti sadziwa za masiku ano. Akawauza chiyani tsopano? Anafuna kuulula zonse, koma atayang'ana nkhope yosalakwa ya Alesi, anameza mawu.

"Achemwali, mukulira?"

"Ayi, ndi sikiriniyi. Imandiwawitsa maso."

"Muzolowera," anatero Alesi mokoma mtima, n'kumupatsa kampango kake. "Pukutani, tipitirize."