Zimene Wailesi Anauza Akazembe

Mkamwa mwa Wailesi munali mutauma gwa, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri. Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake a m'kalasi, chifukwa mtsikanayu akayamba kuyankhula, kumuzimitsa kwake inali ntchito. Chilankhulo cha alendo ndiye ankachitafuna ngati anabadwira komweko. Koma m'mawa umenewo anaima mu ofesi ya ahedi, manja kumbuyo, ali duu.

"Lero kukubwera akazembe awiri a mayiko akunja," anatero ahedi, akupukuta fumbi patebulo ndi mpango wawo womwe. "Akudzaona ngati mtendere wakhazikika kuno. Iwe ndiwe utiyankhulire. Akakufunsa kanthu, uyankhe zabwino zokhazokha. Wamva? Tikawaonetsa kuti kuno kudakali chipwirikiti, angatipatse malata a kalasi yopanda denga ija ndani?"

"Ndamva, aphunzitsi."

"Ndiye za achimwene ako ndi anzawo ochokera kunkhondo aja." Ahedi anayamba atsokomola kaye. "Lero avule mayunifolomu, azikatunga madzi kuseri kwa khitchini. Si nkhanza ayi. Ndi lero lokha."

Wailesi anangovomera ndi mutu. Tisabise, mumtima mwake munapepuka, ndipo kupepuka kumeneko kunamuchititsa manyazi.

Achimwene akewo anali aakulu kwa iye kutalitali, koma ankaphunzira kalasi ya pansi pa yake. Nkhondo itafika povuta, zigawenga zinawagwira akuchokera kuchigayo. Zinawasenzetsa katundu, kenako n'kuwapatsa mfuti. Anabwerako nkhondo itatha, ndevu zitamera, khutu limodzi litagontha. Mfuti ija anakaipereka kwa asilikali osungitsa mtendere, aja a zipewa za buluu, n'kupempha kuti abwerere kusukulu. Akakhala padesiki, maondo ankatulukira m'mbali. Ana anawatcha Agogo. Chitseko chikamenyetseka ndi mphepo, Agogo ankadzigwetsa pansi, manja kumutu, kalasi yonse n'kuphulika ndi chikhakhali. Wailesi akaimva nkhaniyo pa nthawi yopuma, ankayang'ana kumbali ngati akunena munthu wa kwina.

Njira ya kusukulu inkadutsa pamlatho. Tsidya lake, pamene ankagulitsira mafuta a njinga zamoto m'mabotolo, pankakhala amuna ena amene anali ndi achimwenewo kutchire. Iwowa mfuti sanapereke zonse, ndipo ankafuna kuti mnzawoyo abwerere m'gulu. Chimene chinkawamanga manja ndi galimoto yoyera ya asilikali aja, imene inkaima pamlathopo m'mawa ndi masana. Achimwene ankaidikira pansi pa mtengo, ikafika ndiye n'kuwoloka. Galimoto ikachedwa, nawonso ankachedwa m'kalasi. Zonsezi Wailesi ankazidziwa bwino.

Eee, koma sukulu inatchena tsiku limenelo! Mabowo a zipolopolo m'makoma anali atamatidwa ndi dothi n'kupakidwa laimu. Kalasi yopanda denga anaitseka ndi loko, pakhomo pake n'kuikapo chithunzi chachikulu cha nkhunda chimene anajambula ana. Miyala ya m'mbali mwa njira nayo inapakidwa laimu, moti alendo atatsika m'galimoto zawo anachita kutsinzina ndi kuwala.

Kazembe woyamba anali bambo wadazi, woyenda mofulumira, wosachedwa kuyang'ana wotchi. Wachiwiri anali mayi wa magalasi, woyenda pang'onopang'ono, amene ankasuzumira ngakhale kumene sanamuuze kuti asuzumire. Ana anaimba, alendo anawomba m'manja. Kenako Wailesi anaima patsogolo n'kutsegula pakamwa, ndipo mantha onse anatha. Mawu ankangobwera okha. Anati nkhondo ndi nkhani yakale. Anati ana onse akuphunzira mosangalala, anthu akhululukirana, misika yatsegulidwa. Kazembe wadazi ankamwetulira mpaka mano onse poyera.

Atamaliza, kazembe wa magalasi anamukodola. Anawerama kuti nkhope zawo zifanane msinkhu.

"Wayankhula bwino, mwana wanga. Tsopano tandiuza za iweyo, osati za papepala. Kodi ana onse amafika kusukulu kuno popanda mantha?"

Wailesi anaona ahedi akumuyang'ana. "Onse, mayi."

"Nanga ana amene anali kutchire ndi zigawenga? Alipo pasukulu pano? Ndikufunsa chifukwa oterewa ndi amene amayamba kuvutika asilikali akachoka."

"Kuno kulibe, mayi."

Nthawi yomweyo kuseri kwa khitchini kunatulukira munthu wamtali, atavala malaya ong'ambika paphewa, zigubu ziwiri m'manja. Anaima pafupi ndi thanki, akuyang'ana mlongo wake, nkhope ili mwee ndi kunyadira. Kazembe uja anamuona.

"Nanga uyo ndi ndani? Akukuyang'ana kwambiri."

Wailesi anamva thukuta likutsika kumsana. Akanati ndi achimwene anga, akanafunsidwa kuti amaphunzira kalasi yanji, ndipo zonse zikanaululika: desiki yaing'ono ija, dzina la Agogo, kudzigwetsa pansi kuja. Analoza ndi chala, osayang'anako n'komwe.

"Ndi waganyu, mayi. Amatitungira madzi."

Kazembe anamuyang'ana kanthawi pamwamba pa magalasi, kenako anaweramuka n'kunena kuti zikomo.

Pa nthawi ya tiyi, ahedi anatuma Wailesi yemweyo kuti akathirire alendo, poti ndiye ankamva chilankhulo chawo akafuna shuga. Akazembe aja ankakambirana motsitsa mawu, mwaulemu, ngati anthu amene akhala akukangana nkhani imodzimodzi kwa nthawi yaitali.

"Mwadzionera nokha," anatero wadazi uja. "Dziko silingakule likuyendera ndodo ya eni mpaka kalekale. Asilikali athu akamakhalitsa, boma la kuno limagona tulo, apolisi ake saphunzira ntchito. Komanso pali madera ena kumene anthu akufa lero lino. Galimoto ya pamlatho ija ikufunika kumeneko."

"Sindikukana," anayankha wa magalasi. "Koma apolisi a kuno alibe ngakhale njinga. Mfuti sizinabwere zonse. Mtendere ukadali wakhanda, ndipo tikauchokera msanga tidzabweranso kudzayambira poyamba. Ndikadakonda tidikire kufikira mvula itatha."

"Mudikire chifukwa cha ndani? Mwafunsa ahedi, mwafunsa amalonda, mwafunsanso mwana. Mwana sanama pa zinthu zotere."

Tiyi anasefukira m'kapu mpaka m'sosala. Wailesi anapepesa, n'kupukuta. Mpata unalipo. Akanangoti, mayi, ndinanama. Pakamwa pamene sipankatsekeka paja panakana kutseguka, ndipo anatuluka ndi ketulo yake ali zyoli.

Madzulo kunyumba, achimwene anali ndi nkhani.

"Amayi, mukanamuona mwana wanuyu lero! Kuyankhula kwake ngati wa pa wailesi weniweni. Alendo mitu ili gwedegwede. Ine ndinachita kuiwala kuti ndanyamula zigubu."

"Ameneyu anayamba kuyankhula asanamere mano," anaseka amayi. "Nanga bwanji sukudya, iwe? Kutchuka kwakukhutitsa?"

"Mutu ukundiwawa," anatero Wailesi, n'kudzuka. Anadzitonthoza kuti achimwene chilankhulo chija sachimva, komanso khutu lija ndi logontha. Koma kudzitonthoza kumeneko kunangowonjezera manyazi.

Malata anabweradi, ndipo ahedi anamuyamikira Wailesi pamaso pa sukulu yonse. Patangopita milungu yochepa, galimoto yoyera ija inasiya kubwera pamlatho. Asilikali anapasula matenti awo n'kulowera kumpoto.

Poyamba sipanachitike kanthu. Kenako amuna a njinga zamoto aja anasuntha benchi yawo n'kuiika pakamwa penipeni pa mlatho. Tsiku lina m'mawa, Wailesi akuyenda patsogolo monga mwa chizolowezi chake, kuti asaoneke kuti ali limodzi ndi Agogo, anamva mluzu kumbuyo. Atacheuka anaona amuna atatu atawazungulira achimwene ake. Wina wa chipsera patsaya anali atawalanda chikwama, akutulutsa makope n'kumawaponya mumtsinje limodzilimodzi, mosafulumira.

"Mwana wa sukulu!" ankatero akuseka. "Ndevu zonsezi ukukaimba a, e, i? Azibambo ako a zipewa aja apita. Tikukupatsa mpaka Loweruka. Ubwere wekha, tisachite kukutenga pamaso pa amayi ako."

Achimwene anatola chikwama chopanda kanthu n'kubwerera kunyumba. Wailesi anaima pakati pa mlatho. Anzake amene ankadutsa anamuyang'ana, ndipo palibe amene anaseka.

Masana ake sanapite kunyumba. Anathamangira kumene kunali msasa wa asilikali, poti anamva kuti akuluakulu abwera kudzapereka malowo kwa boma. Anapeza mwambo utatha, anthu akupinda mipando. Kazembe wa magalasi anali akukwera galimoto.

"Mayi! Mayi, ndinanama!"

Mlonda anafuna kumubweza, koma kazembe anakweza dzanja. Wailesi anafotokoza zonse, akupuma mwabefu: za makoma omata, za anyamata a kuseri kwa khitchini, za amuna a pamlatho, za Loweruka. Chilankhulo chimene ankachinyadira chija chinkamuthawa, mawu akungogwa paliponse.

Kazembe anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Sanakalipe, ndipo Wailesi akadakonda akanakalipa.

"Ndinakufunsa kawiri, mwana wanga. Ndinkafuna munthu mmodzi yekha woti anene zimene ndinkaziganizira. Mlandu si wako wekha ayi. Ife akuluakulu tinafulumira kukhulupirira zimene zinatikomera. Koma asilikali apita, ndipo kuwabweza si nkhani ya lero kapena mawa. Ndikanena zimene wandiuzazi, ndipo ndilimbikira kuti pamlatho paikidwe apolisi. Koma Loweruka lili pafupi. Achimwene akowo asadikire ine."

Amayi atamva za Loweruka, sanataye nthawi. Anatumiza uthenga kwa amalume a kumzinda wakutali, amene anali ndi malo owotcherera zitsulo. Amalumewo anavomera kuti achimwene apite, azikathandiza ntchito. Za sukulu sanatchuleko.

Lachisanu m'mawa Wailesi anaperekeza achimwene ake kokwerera basi. Anaumirira kunyamula chikwama, ngakhale chinkamukoka phewa. Pamalopo panali phokoso la oitanira, fungo la dizilo, amayi ogulitsa nthochi m'mawindo. Achimwene anagula tikiti, n'kutulutsa m'thumba yunifolomu yawo yopindidwa bwino.

"Ukapereke kwa ahedi. Alipo wina wamtali amene alibe."

Wailesi anailandira, ndipo misozi imene anaisunga milungu yonseyi inatuluka.

"Achimwene, ndine ndinachititsa. Tsiku lija alendo anandifunsa ngati kuno kuli mantha, ndinati kulibe. Anandifunsa za inu, ndinati..." Anapukuta misozi. "Inu simunamve. Munkaganiza kuti ndikukuonetsani kwa alendo. Ndinati ndinu waganyu."

Achimwene anayang'ana basi, kenako anayang'ana mlongo wawo.

"Ndinamva," anatero. "Khutu lina ili limagwira ntchito. Ndipo mawu amenewo ndimawadziwa. Ndinkawatungira madzi asilikali aja ndisanabwerere kusukulu."

"Ndiye bwanji munandiyamikira kwa amayi?"

"Nanga ndikanati chiyani? Unayankhuladi bwino. Kutchire kuja ndinkati ndikaganiza zoti kunyumba kuli kamtsikana kolongolola kamene kakupita kusukulu, ndinkapeza mphamvu yofikira mawa. Tsiku lija ndinakuona uli patsogolo pa anthu onse aja. Zinandipweteka, inde. Koma ndinakuonabe."

Woitanira anamenya m'mbali mwa basi. Achimwene anatenga chikwama paphewa pa Wailesi, n'kumugwira pamutu ngati mmene ankachitira akadali wamng'ono.

"Thamanga, uchedwa. Ndipo pamlatho paja usamayende wekha. Uziwadikira anzanga aja, muziwoloka gulu. Iwowa alibe amalume akumzinda."

Basi inanyamuka. Wailesi anaiyang'ana mpaka inakhota, kenako anapukuta m'maso ndi mkono n'kuyamba ulendo wa kusukulu. Pansi pa mtengo, mlatho usanafike, anapeza anyamata atatu a ndevu ataima, makope m'manja, akuyang'ana benchi ya tsidya lija. Belu la kusukulu linkamveka patali. Wailesi anafika n'kuima pakati pawo.

"Tiyeni," anatero. "Tichedwa."