Nyimbo za Maliro Zopanda Mtembo

Dzuwa litangobisala kuseri kwa phiri la Chongoni, Filomena ankatsekera mbuzi za mayi ake m'khola pamene foni inanjenjemera m'thumba. Uthenga unali woti katswiri wina wakunja watchula kafukufuku wake m'zolemba zake. Anamwetulira. Ku yunivesite komwe ankaphunzitsa sakweza munthu poona thukuta, amawerenga kuti akatswiri anzako akutchula kangati, ndipo iye anali atatopa n'kupitiriridwa.

Kafukufukuyo anali wa nyimbo za maliro. Chaka chapitacho anapempha mayi ake, a Bernadetta, ndi anzawo awiri kuti aimbe, iye ajambule mawu.

"Kulibe maliro, mwanawe," anakana a Agatha, mmodzi wa anzawowo. "Nyimbo izi ukaziimba zimafuna mtembo."

Koma a Bernadetta anayambitsa okha pofuna kuthandiza mwana wawo, anzawowo n'kuvomera.

Madzulo a uthengawo kunatsika nkhungu yonunkha dothi lokumbidwa kumene. Cha kumanda kunamveka mawu a a Agatha akuimba, eni akewo ali pakhonde pawo kusenda kachewere. Kutacha anawapeza atauma. Filomena, poti ndi wophunzira, anati ndi ukalamba basi.

Tchuthi chake chisanathe foni inanjenjemeranso ndi uthenga woti katswiri winanso watchula kafukufukuyo, ndipo kumanda kunaimba mnzawo wina uja, a Jenifa. Nawonso anapita osadwala ngakhale mutu.

Kumjigo anthu anayamba kunong'onezana. Ena ankati pali mfiti imene yakwera pa nyimbozo, ena ankaloza Filomena ndi milomo kuti wakhwimira ntchito. Apa mantha anamugwira zenizeni, pakuti mwa oimba aja anatsala mayi ake okha. Anaimbira foni mkonzi wa magazini imene inasindikiza kafukufukuyo.

"Chonde, mumuchotse kafukufukuyo."

"Sizingatheke, adokotala. Analowa kale m'nkhokwe zonse za pa intaneti. Sangalalani, anthu akumukonda kwambiri."

Filomena anazimitsa foni n'kuikwirira m'thumba la chimanga. Kenako anakhala pamkeka pakhomo, atagwira dzanja la mayi ake.

"Ukunjenjemera chiyani, mwanawe?"

"Kuzizira, amayi."

Mbuzi zinangoti zii m'khola. Fungo la dothi lija linafika pakhomo, ndipo m'chimanga muja foni yozimitsa inanjenjemera. Cha kumanda wina anayambitsa nyimbo, ndi mawu omwe aja ankamutonthoza ali kumsana. Filomena anatembenuka. A Bernadetta anali phee pambali pake, milomo ili chitsekere, dzanja lawo likuzizira m'manja mwake.